Ku Lilongwe ndinkathamanga, kuno ku Leeds miyendo yakana. Anzanga munayambiranso bwanji?

Nabanda (Leeds): Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene munatsogola kunja kuno. Ku Lilongwe ndinali pa kagulu kothamanga, tinkakumana ku Area 18 kusanache n'kutsika Presidential Way mpaka ku Parliament, Loweruka n'kumatalikitsako. Chibwerereni kuno ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a maola 12, sabata ina masana, ina usiku. Nyengo yotentha ija ndinkayesako, koma chibwezereni mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi kumapeto kwa Okutobala ndikutuluka m'nyumba kuli mdima, kubwerera kulinso mdima. Nsapato zili pansi pa bedi. Thupi likulemera, tulo sindikugona bwino. Inu munatani?

A Gama (Luton): Mwanawe, walira mvula walira matope. Tinabwera kudzasaka kapena kudzathamanga? Maola 12 uli chiimire, masewera ena ukuwafuniranji?

Dalitso (Dublin): Kkkk madala mwayamba kale

Nachisale (Manchester): Achemwali musawamvere a Gama, amakonda kuputa dala. Ine ndine namwino, moyo wa mashifitiwu ndimaudziwa. Chimene chikukupwetekani n'choti mukufuna kuti ndondomeko ya ku Lilongwe ikwane pa rota ya kuno, ndandanda wa mashifiti uja. Zoti Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka zimatheka kwa anthu a mu ofesi. Ife rota ikatuluka timakhala pansi ndi cholembera n'kuchonga masiku atatu amene tili ndi mpata masana, kaya tsikulo ndi Lachiwiri kaya Lamulungu.

Tsiku la long day, shifiti ya tsiku lonse ija, musaliwerengere, miyendo yagwira kale ntchito yake. Pochokera ku night musathamange, kagoneni. Koma apa mumve bwino: mukadzuka cha m'ma 1 koloko masana, mu Disembala kuwala kwakutsalirani n'kwa maola awiri ndi theka basi, chifukwa kwanuko dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ndiye mukangodzuka valani mutuluke. Musayambe ndi kuphika, ndipo makamaka musayambe ndi foni ya kumudzi. Kwathu ali patsogolo ndi maola awiri nyengo ino, ndiye nthawi imene inu mukudzuka ndi imene iwo akuweruka, aliyense ali ndi nkhani yake. Mukati muyankhe amayi, kenako mlamu, kenako wa pa sayiti ya nyumba, poika foni pansi kunja kwada.

Nabanda (Leeds): Asisi mwandiona kodi? Za foniyo ndi zenizeni.

Che Jafali (Joni): Ife kuno dzuwa lilipo, vuto lathu ndi foni yomweyo koma mwa mtundu wina. Ukaionetsa pamsewu ubwerera wopanda. Ndimathamanga chimanjamanja, kiyi wa nyumba yekha pa lamba la kabudula.

Chimene sanandiuze pobwera n'choti Johannesburg ili pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 1,750. Ine wa ku Mangochi, kunyanja kotsika kuja, masabata oyamba kamtunda kakang'ono kankandisiya wefuwefu, ndinkaganiza kuti ndadwala chifuwa. Thupi linazolowera lokha. Chimene chinandigwira dzanja ndi kalabu. Kuno makalabu othamanga ali paliponse chifukwa cha Comrades, mpikisano uja wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, unayamba 1921. Anthu amadzuka 5 koloko m'mawa m'magulumagulu, wogwira ntchito ya m'munda ndi bwana wa ku banki mzere umodzi. Ukajomba amakufunsa.

Dalitso (Dublin): Ndiye ngati zili choncho achemwali a ku Leeds akuyenera kumauluka. Achoka ku Lilongwe mamita 1,000 ndi kanthu, atsikira kufupi ndi nyanja ya mchere. Si mmene amachitira a ku Kenya aja, kukonzekera ku Iten n'kudzawina ku London?

Kochi (Ndirande): Dalitso mphwanga, Iten ili mamita 2,400, Lilongwe siifika ndi theka lomwe. Komanso phindu la kumtunda silikhalitsa, munthu akatsika limatha pa masabata ochepa, n'chifukwa chake anyamata aja amatsika mpikisano utayandikira. Achemwaliwa chaka chatha ali komweko, za Lilongwe zinatha kalekale m'magazi.

Ine sindinakhaleko kunja, koma anthu obwerera ku masewera atapuma nthawi yaitali ndawaona ambiri, ndipo amavulala mofanana. Mtima ndi mapapo zimabwerera msanga. Mitsempha ya kuchidendene, mawondo ndi mafupa a m'miyendo zimachedwa. Ndiye sabata yachitatu munthu amamva kuti mpweya wabwera, n'kuwonjezera liwiro ndi mtunda nthawi imodzi, sabata yachisanu ali pa mpando akusisita misongolo. Yambani ndi mphindi 20 kapena 25, kuthamanga pang'ono, kuyenda pang'ono. Liwiro lake likhale loti mukhoza kumacheza ndi mnzanu osadula mawu. Wotchi ija imene imakumbuka nthawi zanu za ku Lilongwe isiyeni kunyumba mwezi woyamba.

China, kuno timasakaniza tala ndi fumbi. Ndimamva kuti kwanuko m'mbali mwa msewu ndi konkire yokhayokha. Mukapeza udzu kapena kanjira ka dothi mu paki, pondani pamenepo.

Bambo a Tamanda (Glasgow): Zimene akunena a Kochizi a NHS, a zaumoyo a boma kuno ku UK, anaziika kale pa foni. App yake ndi Couch to 5K, yaulere. Masabata 9, katatu pa sabata. Sabata yoyamba mumathamanga mphindi imodzi, kuyenda mphindi imodzi ndi theka, kubwerezabwereza. Pomaliza mumathamanga mphindi 30 osaima.

Nabanda (Leeds): Mphindi imodzi? Abale, ine munthu woti ndinamalizapo half marathon, makilomita 21?

Bambo a Tamanda (Glasgow): Amene anamaliza half marathon uja anatsala pa bwalo la ndege la KIA, amene anatsika ndege ku Manchester ndi wina kkkk. Koma zoona, simukuyenera kuyambira sabata yoyamba. Yambirani pa yachinayi. Kumapeto kwa yachisanu kuli mphindi 20 osaima, pamenepo mudzadziwa pamene muli. Ubwino wa app-yo si nzeru zake ayi, nzeruzo a Kochi akupatsani kale. Ubwino wake ndi woti imakuuzani poimira. Munthu amene anathamangapo kale savutika kuyamba, amavutika kuleka nthawi yake.

Kochi (Ndirande): Mawu amenewo ndawakopera.

A Gama (Luton): Ine ndikufunsabe. Munthu watopa, lendi ikudikira, kumudzi akudikira. Tsiku lopuma limodzi lomwelo azikathamangitsana ndi mphepo? Ife tinabwera 2003, za majogingi sitinkazidziwa, ndipo tilipo.

Nachisale (Manchester): Mulipo madala, koma tiuzeni mapiritsi a BP mumamwa angati m'mawa.

A Gama (Luton): Za m'chipatala sitikambira pagulu.

Nachisale (Manchester): Kkkk mwayankha kale. Koma ndilankhuleko mosaseka, chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Kwathu tinkachita masewera osadziwa. Kuchoka kunyumba kupita pa siteji, kuchoka m'depoti kupita kuntchito, kumsika, kutchalitchi, kumaliro, zonse wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Kuno basi imaima pakhomo, nyumba ndi yotenthetsa, pa break pali mabisiketi ndi tiyi wa shuga, pobwera timakhutitsa nsima ya ufa woyera wa ku shopu ya zakudya zakwathu n'kugona. Kuimirira maola 12 kumatopetsa, koma sikugunditsa mtima mofanana ndi kuyenda mwamphamvu. Ndipo a zaumoyo kuno amanena poyera kuti ife anthu akuda chiopsezo cha matenda a shuga chimayamba kukwera tili ndi zaka 25, pamene azungu amawawerengera kuyambira 40. Ku England aliyense wa zaka 40 mpaka 74 amene alibe kale matendawa amaitanidwa ku NHS Health Check zaka zisanu zilizonse. Kalatayo ikabwera musaiponye m'bini.

Nabanda, za kutopa ndi tulo zija. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno silipangitsa vitamin D pakhungu. A NHS amalangiza mamaikilogalamu 10 tsiku lililonse nyengo imeneyi, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Ndi wotchipa, ali mu supamaketi iliyonse. Kutopako kukapitirira pitani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, akakuyezeni magazi, azimayi ambiri timapezeka kuti ayironi watsika.

Dalitso (Dublin): Bwanji osangolowa jimu? Ine nyengo yozizira ndimathamanga pa treadmill, makina othamangira pamalo amodzi aja, kofunda, kowala, majimu ena satseka usiku wonse. Phoenix Park ndimaiona kuyambira Epulo.

Che Jafali (Joni): Kuthamanga osachoka pamalo ine ayi.

Bambo a Tamanda (Glasgow): Jimu si yoipa, tsiku la ayezi imathandiza. Koma kwa munthu amene akusowa kuwala ndiponso akusowa anthu, kumutsekeranso m'chipinda china ndi mahedifoni m'makutu sindikuona kuti kwamuthandiza. Ndipo tikudziwana, ambiri amalembetsa mu Januwale, ndalama n'kumadulidwa ku akaunti mpaka Juni munthu osapondako.

Kuzizira kumagonja ndi zovala, ndikunena ine wa ku Scotland. Thonje ayi, likanyowa ndi thukuta limazizira pathupi. Mkati valani malaya opyapyala a manja aatali a nsalu ya masewera, pamwamba kajekete kotchinga mphepo. Magolovesi ndi chipewa chophimba makutu ndiye zofunika kuposa jekete lalikulu. Potuluka pakhomo muzimva kuzizira pang'ono. Mukatuluka mukumva bwino ndiye kuti mwavala zambiri, pakatha mphindi 10 muyamba kuvula n'kumanyamula m'manja. Mpweya wozizira ukamakutsokomoletsani, kansalu kapakhosi kaja kokerani kukamwa. Zonsezi siziyenera kukhala zatsopano, m'ma charity shop ndi pa Vinted zadzaza. Ife tinakulira pa kaunjika, tisachite manyazi lero. Nsapato zokha ndiye gulani zokukwanani bwino.

Mukathamanga kukada, valani chonyezimira, madalaivala sationa. Nsapato zikanyowa ikani manyuzipepala mkati, osazisanjika pa radiator, guluu amamatuka. Ndipo m'mawa mukaona pansi pakunyezimira koma mvula sinagwe, ameneyo ndi ayezi. Tsiku limenelo palibe ngwazi, bwererani m'nyumba.

Nabanda (Leeds): Zikomo nonse. Koma ndikamawerenga ndikuona kuti zovala ndi nthawi ndingazikonze. Chimene chikundisowa ndi anthu. Ku Area 18 kuja sindinkadzuka chifukwa cholimba mtima. Ndinkadzuka chifukwa ndikachedwa foni imalira, wina akuti tili pa geti. Zinali ngati banki m'khonde, ukajomba amakulondola kunyumba. Kuno ndikagona tsiku lonse palibe amene adziwe. Ana ndi bambo awo ali kumudzi, malamulo a visa yathuyi anasintha mu Malichi 2024, osamalira okalamba sitikuloledwanso kubwera ndi banja. M'nyumba tikukhala anthu anayi koma aliyense ndi shifiti yake, timakumana pa friji.

A Gama (Luton): Apo ndiye wanena zoona mwanawe. Zimenezo sindiseka.

Naphiri (Leeds): Achemwali, ndinali ku ntchito, ndangowerenga zonse pa basi. Inenso ndili ku Leeds konkuno. Geti imene mukuisowayo kuno dzina lake ndi parkrun. Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa, makilomita 5, osalipira kalikonse. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti, amakupatsani barcode, mumaisunga pa foni kapena kuisindikiza. Pomaliza amakupatsani kachiphaso kapulasitiki ka nambala yanu, amasikana zonse ziwiri, nthawi yanu imabwera pa imelo tsiku lomwelo. Barcode yomweyo imagwira ntchito paki iliyonse, ngakhale mutapita kwa Che Jafali.

Inayamba 2004 ku Bushy Park ku London ndi anthu 13 okha, woyambitsa wake Paul Sinton-Hewitt anakulira ku South Africa. Ya pa Woodhouse Moor kuno ku Leeds, pafupi ndi yunivesite, ndi ya 2007, imodzi mwa zoyambirira zenizeni. Iliponso ku Roundhay, ku Potternewton, ku Cross Flatts, ku Temple Newsam. Ya ku Roundhay ndi yokongola koma ili ndi mtunda, poyambira pitani ku Woodhouse Moor.

Zoti mukhala womaliza musade nazo nkhawa. Pamakhala munthu wodzipereka amene ntchito yake ndi kuyenda kumbuyo kwa aliyense, ndiye womaliza amakhala iyeyo. Pali agogo, pali okankha ana pa pram, pali ongoyenda. Mukapita kangapo nkhope zimayamba kudziwana. Anthu a kuno pamsewu sapatsa moni, koma pa parkrun amalankhula, ndipo mukadziperekako tsiku lina kusikana ma barcode kapena kuima pakona kulozera njira, mayina mumawadziwa msanga kuposa kuthamanga.

Che Jafali (Joni): Kunonso ilipo, ife timayamba 8 koloko. Anaibweretsa ndi Bruce Fordyce mu 2011 ku Delta Park, mkulu uja anawina Comrades maulendo 9.

Bambo a Tamanda (Glasgow): Ku Scotland ndi 9:30, ku Ireland chimodzimodzi. Tsiku la ayezi muziyang'ana kaye tsamba lawo musananyamuke, amatha kuimitsa.

Nabanda (Leeds): Vuto ndi loti Loweruka ambiri ndimakhala pa shifiti. Atsopanofe ndi amene amatiika kumapeto kwa sabata.

Nachisale (Manchester): Ngakhale Loweruka limodzi kapena awiri pa mwezi akwana. Musaiyese ndondomeko yonse, ingokhalani ndi malo amodzi amene anthu amakuyembekezerani. Masiku enawo muzidzaza nokha. Ndipo mukapempha msanga rota isanatuluke, kusinthana ndi mnzanu Loweruka limodzi si chinthu chachilendo. Ambirife timaopa kupempha chifukwa cha visa, timangoti yes pa chilichonse.

Kochi (Ndirande): Chenjezo langa pa parkrun-yo ndi limodzi. Pali wotchi, pali anthu, ndipo munthu amene anapikisanapo akaona msana wa mnzake patsogolo magazi amatentha. Miyezi iwiri yoyamba muziima kumbuyo poyambira. Gogo wa tsitsi loyera akakupitirirani, musiyeni apite.

Dalitso (Dublin): Magogo a kuno ndi oopsa a Kochi, musawaderere kkkk

Naphiri (Leeds): Masiku a pakati pa sabata malo alipo. M'mbali mwa ngalande ya Leeds and Liverpool muli njira yosalala yopanda magalimoto, kuchokera pafupi ndi siteshoni ya sitima kulowera ku Kirkstall. Koma masana okha, mbali zambiri kulibe magetsi, ndipo madzi ali pomwepo. Ku Roundhay mukhoza kuzungulira nyanja yaikulu ija, anthu oyenda ndi agalu amakhala ambiri. Agalu a kuno ambiri saluma, koma amathamangira munthu, ingochepetsani liwiro mwini wake amuitane. Kukada ine ndimatsata misewu ikuluikulu ya mabasi, yowala, khutu limodzi lopanda hedifoni, ndipo mnzanga wa m'nyumba amaona pamene ndili pa WhatsApp. Azibambo a pagulu pano mwina simuziganizira zimenezi.

Bambo a Tamanda (Glasgow): Zoona, sitiziganizira mokwanira.

Dalitso (Dublin): Langizo langa lomaliza: mukayamba, musaike pa status. Ine ndinaika chithunzi nditavala nsapato zatsopano mu paki, madzulo ake mauthenga a fizi ndi feteleza anali mbwee. Akuti amene ali ndi nthawi yothamanga popanda chomuthamangitsa ndiye kuti zake zinayera.

Che Jafali (Joni): Kkkkk kunonso n'chimodzimodzi aise. Mendulo ndimabisa.

Nachisale (Manchester): Koma pagulu pano muziika. Ife sitipempha feteleza. Ndipo ndikuganiza kuti tizichita choncho tonse, aliyense akatuluka aziponya kachithunzi ka nsapato zokha, osalemba nthawi kapena makilomita, kuti pasakhale mpikisano. Amene wasowa sabata yathunthu timufunse.

Kochi (Ndirande): Ndavomera. Ine ndizikhala woyamba, 5 koloko yathu kwanuko ikadali 3 usiku.

Nabanda (Leeds): Nthawi imeneyo ndimakhala maso ndikakhala pa night, ndiziona. Koma ndifunseko china. Mwawerenga za Great North Run? Anzanga a kuntchito amaikamba. Ndikanalembetsa mwina ikanandikoka.

Bambo a Tamanda (Glasgow): Ndi half marathon ya mu Sepitembala, kuchoka ku Newcastle kukathera ku South Shields kunyanja. Anaiyambitsa Brendan Foster mu 1981. Anthu ofuna amachuluka kuposa malo, ndiye amachita maere, kapena mulowe kudzera ku bungwe lachifundo n'kulonjeza kusonkhetsa ndalama. Mtengo wake si wamasewera, kuphatikizapo sitima ndi pogona. Ine ndikanati muyambe ndi 10K ya kwanu konko.

Naphiri (Leeds): Ilipo Abbey Dash, makilomita 10, yosalala, imapita ku Kirkstall Abbey n'kubwerera mtauni. Imachitika chakumapeto kwa chaka, ndiye muli ndi nthawi yambiri.

Kochi (Ndirande): Za mipikisano tidzakambe mu Malichi mawotchi akasinthanso. Panopa ndikufuna masabata 6 opanda kuvulala. Mukadzabwera kutchuthi mu Julaye ndidzakutengerani ku Likhubula mukaone Porters Race, mudzaone anyamata akutsika Mulanje, ena opanda nsapato.

Nabanda (Leeds): Kukaonerera kokha a Kochi, musandilembetse. Naphiri, rota yanga ndayang'ana. Lachiwiri ndikuchoka ku night, Lachitatu ndili off.

Naphiri (Leeds): Lachitatu ndimayamba 4 koloko madzulo. Tikumane 12 koloko pa Granary Wharf kuseri kwa siteshoni, tilowere ku ngalande. Nambala ndakutumizirani ku inbox. Magolovesi ndili nawo mapeya awiri, musagule kaye.

A Gama (Luton): Naphiri, parkrun yanuyo mwati ongoyenda amawalola?

Naphiri (Leeds): Amawalola madala. Kwanuko ili ku Wardown Park.

A Gama (Luton): Ndipo palibe cholipira? Chifukwa kuno chaulere chimakhala ndi direct debit kumbuyo.

Nachisale (Manchester): Palibe. Koma inu a BP muuzeko kaye GP kapena namwino wa ku kiliniki yanu, ndipo muyambe ndi kuyenda.

A Gama (Luton): Ndikungofunsira mnzanga wa kutchalitchi. Barcode-yo mdzukulu wanga akhoza kundisindikizira pa pepala? Za pa foni zimandisokoneza.

Dalitso (Dublin): Mnzanu wa kutchalitchi uja barcode yake asindikize ndi mdzukulu wanu?

A Gama (Luton): Iwe Dalitso, sukulu imene unapitira ku Dublin ija unamaliza?